Mipando ikasintha ku bungwe loyang'anira magetsi ndi mafuta: momwe mungasamutsire mphamvu zosayinira

Kalata yochokera ku bungwe loyang'anira magetsi ndi mafuta ikafika kuno kuchigwa cha Shire, wolandira sayambira pamwamba. Maso amathamangira kumunsi: wasayina ndani, chidindo n'cha ofesi iti. Mwini malo omwetsera mafuta pa Nchalo, mmisiri woika mawaya m'nyumba pa Ngabu, wogulitsa gasi pa Dyeratu, onsewa ntchito yawo imatseguka kapena kutsekeka ndi siginecha imene ili pansi pa kalatayo. Ndiye tsiku lina mumangomva kuti ku likulu zinthu zasintha: nthambi ziwiri aziphatikiza, wakuti wakwezedwa, mpando wakuti authetsa. Sabata imeneyo aliyense amakhala kalikiliki kunyamula mabokosi, ndipo ndi ochepa amene amakumbuka kufunsa kuti nanga mphamvu zosayinira zija zapita kwa yani.

Ndisanabwerere kuno kwathu ndinagwirapo ntchito yosunga mafayilo ndi kulemba maminitsi ku bungwe lina la boma. Chimene ndinaphunzirako n'chakuti mphamvu sizisamuka zokha. Tebulo amanyamula, kompyuta amanyamula, chikwangwani cha pachitseko amachotsa n'kukhoma china, koma mphamvu zimatsala pomwe bodi inazisiya mpaka bodi yomweyo itazitenga n'kuzipereka kwa wina molemba. M'Chichewa mawu oti mphamvu ali pawiri: pali zija za magetsi, petulo ndi gasi, ndiye pali izi za kuvomera, kukana ndi kulamula. Ine ndikunena zachiwirizi, ndipo ndikulankhula makamaka ndi inu alembi a bodi, maloya a bungwe ndi akuluakulu a nthambi. Koma nanunso amene mumalandira makalatawo werengani, gawo lanu lili kumapeto.

Yambirani kumutu kwa ngalande

Amene analimapo m'sikimu yothirira amadziwa kuti madzi a m'munda mwake sachokera m'mundamo. Amalowera pageti lalikulu, n'kugawikana m'ngalande, n'kufika pamzere wake. Mphamvu za bungwe ngati MERA (Malawi Energy Regulatory Authority), loyang'anira magetsi ndi mafuta lija, zimayendanso choncho. Geti lalikulu ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo. MERA inakhazikitsidwa ndi lamulo la Energy Regulation Act la 2004, ndipo chaka chomwecho kunabweranso lamulo la magetsi ndi lamulo la mafuta ndi gasi. Malamulo amenewa amapereka mphamvu ku bungwe, ndiye kuti ku bodi yake. Dayilekitala, manenjala kapena woyendera amene amafika pa pampu ku Bangula amagwiritsa ntchito mphamvu zobwereka.

Choncho musanakhudze chithunzi chatsopano cha mipando, tsegulani malamulowo pamodzi ndi zonse zimene anasinthamo, monga kusintha kwa lamulo la magetsi kwa 2016 kumene kunachititsa kuti ESCOM igawidwe n'kubadwa EGENCO, kampani yopanga magetsi, mu Januwale 2017. Lembani mphamvu iliyonse pamzere wake: kupereka layisensi, kuiwonjezera nthawi, kuiimika, kuilanda, kuvomereza mitengo ya magetsi, kukonza mitengo ya mafuta, kuyendera malo, kutseka malo, kumva madandaulo. Pafupi ndi mphamvu iliyonse lembani ndime imene ikuipereka ndi yankho la funso limodzi: kodi lamulo likulola kuti iyi iperekedwe kwa wina, ndipo kwa yani?

Pamenepa musadalire zimene munamva kwa amene munawapeza. Pali mphamvu zina zimene bodi iyenera kugwira yokha, ndipo ngakhale lamulo litalola, bodi yanzeru sipereka kwa munthu mmodzi nkhani ya mitengo kapena kulanda layisensi ya kampani yaikulu. Palinso mfundo yakale ya malamulo imene maloya amaidziwa pamtima: wopatsidwa mphamvu sangazipatsenso wina pokhapokha amene anamupatsayo kapena lamulo litalola. Mfumu ikatuma nyakwawa kukaweruza mlandu wa malire a dimba, nyakwawayo sangatume mphwake kuti akaweruze m'malo mwake n'kumati chigamulocho n'cha mfumu.

Chotsaninso pamndandanda mphamvu zimene si zanu. Kuyeza ngati pampu ikuthira lita yokwana ndi ntchito ya Malawi Bureau of Standards. Woyendera wanu akhoza kuona vuto n'kuwadziwitsa, koma simungamupatse mphamvu imene inu eni mulibe.

Kalembera wa mphamvu zimene zili kale kunja

Iyi ndiye ntchito yotopetsa, ndipo ambiri amaidumpha. Muyenera kudziwa chilichonse chimene bodi, kapena mkulu wa bungwe, anaperekapo kwa wina kuyambira kale. Malo ofufuzamo ndi ambiri: maminitsi a bodi, maminitsi a makomiti a bodi, buku la ndondomeko za ndalama, makalata olembera anthu ntchito, mamemo a mkulu wa bungwe, mafomu a kubanki osonyeza osayinira macheke, ndi mndandanda wa amene ali ndi chilolezo chovomereza zinthu m'kompyuta. Bwererani mmbuyo mpaka pomwe mafayilo akuthera. Mudzapeza memo ya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo yopatsa manenjala wina mphamvu "kwa kanthawi" pomwe bwana wake anali kunja kwa dziko, ndipo palibe anaifafaniza.

Mapepala akatha, yendani ofesi ndi ofesi. Funsani munthu aliyense wa udindo kuti atchule zimene anasayina m'miyezi itatu yapitayi. Musamufunse zimene amaloledwa kusayina, chifukwa akuwerengerani za m'buku. Mufunseni zimene anasayinadi, ndipo mupemphe kuona makope ake. Funsaninso amasekilitale ndi a ku kaundula wa makalata; amenewo amadziwa bwino kuposa mabwana kuti fayilo yamtundu wakuti imathera patebulo la yani.

Apa ndi pomwe mumatulukira mphamvu za pakamwa. Bwana wina ananena pakhonde kuti "timakalata ta amisiri a mawayati muzingosayina inuyo", ndipo zaka zadutsa zikuyenda choncho. Musakalipire munthu, chifukwa mukakalipira woyamba, wachiwiri abisa. Lembani zonse m'kaundula mmodzi: mphamvu yake, amene akuigwiritsa ntchito, pepala limene linamupatsa ndi tsiku lake. Pomwe pepala palibe, lembani kuti palibe. Mizere yopanda mapepalayo ndiyo muyambe nayo mukakhala pansi ndi loya.

Gundanitsani mipando yakale ndi yatsopano

Tsopano tengani chithunzi cha mipando chakale ndi chatsopano, muziike pambalipambali. Mpando umene wangosintha dzina suvuta, bola mulembe dzina latsopanolo. Ovuta ndi atatu.

Woyamba ndi mpando umene wagawidwa pawiri. Tinene kuti kale munthu mmodzi ankaona za mafuta ndi gasi, pano kuli wa mafuta payekha ndi wa gasi payekha. Nanga malo a pa Nchalo amene amagulitsa zonse ziwiri pabwalo limodzi, akapezeka ndi vuto la chitetezo, kalata yotseka asayina ndani? Mukapanda kutchula, onse awiri adzati ndi ine, kapena onse awiri adzati si ine. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwa apa ndi mwini malo uja pamodzi ndi akabaza amene amamwetsa pamenepo.

Wachiwiri ndi mipando iwiri imene yaphatikizidwa. Uwu ndi woopsa mwakachetechete. Ngati wolandira mafomu a layisensi ndi wovomereza layisensiyo anali anthu awiri, ndiye pano ndi mmodzi, mwachotsa diso lachiwiri osadziwa. Amene amayendera malo asakhale yemweyo wogamula chilango. Amene amapempha kuti ndalama zituluke asakhale yemweyo wovomereza. Chithunzi chatsopano chikaunjika ziwirizi pa munthu mmodzi, kwezani imodzi mwa mphamvuzo ipite kwa wamkulu wake kapena ku komiti.

Wachitatu ndi mpando umene wathetsedwa. Ntchito zake zikuluzikulu aliyense amazikumbukira. Zimene zimagwera pansi ndi zing'onozing'ono: kusayina chiphaso cha woyendera, kuvomereza kuti galimoto ya thanki ibwerere pamsewu, kuyankha dandaulo la kasitomala m'masiku oikika. Kaundula wanu uja ndiye adzakupulumutseni; mzere uliwonse upeze mwini watsopano kapena ubwerere kwa mkulu wa bungwe.

Langizo langa n'lakuti mphamvu muzimangirire pa mpando, dzina la munthu libwere pambuyo pa pepala lapadera. Mukalemba kuti "dayilekitala woona za magetsi", munthu akachoka wolowa m'malo amazipeza pomwepo. Mukalemba dzina, tsiku limene mwini dzinayo wasamutsidwa mphamvu zimamutsatira kapena zimafa, ndipo pawiri ponsepo mwagwa m'mavuto. Koma onjezani chiganizo chonena za wogwirizira mpando: kodi amatenga mphamvu zonse, kuyambira tsiku liti, ndipo kalata yomuika amasayina ndani. Mipando yatsopano imatenga miyezi isanadzazidwe, ndipo nthawi yonseyo bungwe limayendera ogwirizira.

Ikani malire, ndipo muganizire za dzinja

Mphamvu iliyonse yoperekedwa ikhale ndi malire olembedwa. Pa ndalama, tchulani kuti mpaka makwacha angati, ndipo kumbukirani kuti kwacha inagwa mphamvu mu 2022 ndi mu 2023, kotero malire akale akhoza kukhala kuti pano sakwanira ngakhale matayala a galimoto. Pa kugula katundu, malire anu asapyole zimene lamulo la kagulidwe ka zinthu za boma likunena. Pa dera, tchulani ngati ofesi ya ku Blantyre ikusayinira chigawo chonse cha kummwera kapena maboma ena okha. Pa mtundu wa nkhani, siyanitsani kuwonjezera nthawi ya layisensi yopanda vuto ndi kupereka yatsopano.

Tsopano ndilankhule ngati munthu wakuno. Amene amalemba mapepala amenewa amakhala ku Lilongwe, kumene msewu ukaduka pamakhala wina wozungulira. Kuno tili ndi msewu umodzi wa M1 wotsika pa Thabwa, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje ndi ku Marka. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaphwanya damu lopangira magetsi la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo msewu unaduka malo angapo. Kapichira anatenga nthawi yoposa chaka asanayambenso kupereka magetsi. Mu Malichi 2023 kunabweranso namondwe wa Freddy. Ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, ndi ku Makhanga anthu amadziwa kuti madzi akakwera njira ndi bwato.

Nthawi ngati zimenezo pamabuka nkhani zosadikira: thanki ya pansi pa malo omwetsera mafuta yalowa madzi, chipatala chikufuna dizilo wa jenereta m'migolo pomwe kugula m'zigubu kwaletsedwa, mawaya agwera m'mudzi. Ngati mphamvu yoimitsa malonda pa malo oopsa ili ndi munthu mmodzi ku likulu, ndipo foni yake siikupezeka, woyendera amene ali pamalopo amangoyang'ana. Choncho lembani ndime ya zadzidzidzi: ndani angalamule kwa kanthawi, kwa masiku angati, ndipo afotokozere yani pasanathe maola angati. Mphamvu imeneyi ikhale yoimitsa ndi yoteteza basi. Kulanda layisensi kudikire eni ake.

Kuchotsa ndi kupereka zichitike tsiku limodzi

Apa ndiye pamtima pa ntchito yonse. Konzani chikalata chimodzi chopita ku bodi, chimene chikuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi: kufafaniza mphamvu zonse zakale, ndi kupereka zatsopano. Kawirikawiri chimalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi izi. Bodi, pogwiritsa ntchito ndime yakutiyakuti, ikuchotsa mphamvu zonse zimene zinaperekedwa kale, zolembedwa ndi zosalembedwa, kuyambira tsiku lakuti. Kuyambira tsiku lomwelo, mphamvu zimene zili pamndandanda womatidwa zikuperekedwa ku mipando yotchulidwa. Chilichonse chimene chinachitika moyenera pansi pa mphamvu zakale chikhalabe chogwira ntchito. Bodi ikusungabe ufulu wogwira yokha nkhani iliyonse ndi wochotsa mphamvuzi nthawi ina iliyonse.

Mawu oti "zonse" ndi ofunika, chifukwa ngakhale mutafufuza chotani pali memo ina imene simunaipeze. Ndipo tsikulo likhale limodzi. Mukatsegula ngalande yatsopano osatseka yakale, madzi amalowa m'minda iwiri; mukatseka yakale Lolemba n'kutsegula yatsopano Lachisanu, mbewu za pakatipo zauma. Tsiku limeneli ligwirizanenso ndi tsiku limene makalata a anthu osamutsidwa akunena. A nthambi yoona za ogwira ntchito amakonda kuthamanga ndi makalata awo bodi isanakumane, agwireni dzanja.

Zinandionekera ine. Ku ofesi kuja, mipando inasintha pa 1 mwezi, bodi inakumana pa 19. Pakatipo bambo wina anapitiriza kusayina makalata ngati kale, mpando wake utathetsedwa, ndipo palibe amene anaona cholakwika chifukwa tebulo lake linali pomwe lija. Imodzi mwa makalatawo inali yoimitsa ntchito ya wabizinesi wina wakuno kuchigwa. Iye anakwera minibasi kawiri kukadandaula, kachitatu anabwera ndi loya. Loyayo sanatsutse n'komwe ngati kasitomala wake analakwa. Anangofunsa kuti wosayinayo anali ndi udindo wanji patsikulo. Tinayang'anana. Nkhani yonse inayambiranso pachiyambi, ndipo amene anafunsidwa kuti kaundula ali kuti ndinali ine.

Msonkhano wa bodi ukhale wokwanira chiwerengero chimene lamulo likufuna, ndipo maminitsi asayinidwe msanga. Ngati bodi palibe, poti nthawi yake inatha ndipo yatsopano sinasankhidwe, musayerekeze kuti mkulu wa bungwe angasayine m'malo mwake. Zikatero chedwetsani tsiku loyambira mipando yatsopano, kapena siyani anthu akale akugwirizira maudindo awo akale molemba mpaka bodi ipezeke. Mkulu wa bungwe akafuna kugawira a pansi pake zina mwa mphamvu zimene bodi yamupatsa, chikalata cha bodi chinene poyera kuti waloledwa, ndipo kugawako kukhale ndi kalata yakeyake ya tsiku lomwelo.

Mafayilo amene ali panjira

Tsiku losinthira limapeza ntchito ili pakati. Fomu ya layisensi yayenderedwa koma sinavomerezedwe, dandaulo lamvedwa koma chigamulo sichinalembedwe. Sabata imodzi tsikulo lisanafike, nthambi iliyonse ilembe mafayilo onse otsegula, pomwe afika, ndi tsiku limene ayenera kuyankhidwa. Wochoka ndi wolowa akhale pansi limodzi, asayine onse awiri pamndandandawo.

Samalani kwambiri nkhani zimene munthu anaitanidwa kudzadziyankhira. Ndime 43 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa aliyense ufulu woti boma ndi mabungwe ake amuchitire zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, komanso kumupatsa zifukwa molemba pamene ufulu wake wakhudzidwa. Ngati amene anamva mbali ya mwini malo omwetsera mafuta wasamutsidwa asanagamule, wolowa m'malo asangosayina chigamulo chimene wachipeza m'dirowa. Pali njira ziwiri: chikalata cha bodi chilole woyambayo kumaliza nkhani zimene anayamba kumva, kapena watsopanoyo awerenge zonse ndi kupatsa mwini nkhani mwayi wolankhulanso. Yoyambayo ndi yachifundo kwa munthu wochokera ku Nsanje, amene ulendo wa ku Blantyre wokha ndi makilomita pafupifupi 180.

Zida zotsatira mphamvu

Izi n'zachidule koma zichitike tsiku lomwelo. Zidindo za mipando yothetsedwa zitoleredwe, zilembedwe m'buku, zitsekeredwe kapena ziphwanyidwe pamaso pa mboni. Mapepala okhala ndi mutu wakale achotsedwe m'maofesi. Kubanki kupite kalata yosintha osayinira pamodzi ndi kope la chigamulo cha bodi, ndipo yambani msanga poti mabanki amafuna masiku. A makompyuta atseke chilolezo chakale m'makina ovomerezera malayisensi ndi malipiro, atsegule chatsopano, ndipo pasiwedi ya munthu isapatsidwe kwa mnzake ngakhale kwa tsiku limodzi. Makina amalemba dzina la mwini pasiwedi, osati la amene anakhala pampando. Ziphaso za oyendera zikonzedwenso ngati pali dzina la nthambi imene kulibenso. Aliyense wolandira mphamvu asayine kuti wawerenga malire ake, ndipo siginecha yake isungidwe kuti a ku kaundula azitha kuifananitsa.

Uzani anthu, kufikira kumapeto a msewu

Memo ya mkati ndi poyambira chabe. Makampani akuluakulu monga ESCOM, EGENCO, NOCMA (kampani ya boma yogula ndi kusunga mafuta) ndi ogulitsa mafuta alandire makalata. Ngati lamulo likufuna kuti china chake chilengezedwe mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezeramo malamulo ndi zidziwitso, loya wanu aonetsetse kuti chatuluka tsiku lisanafike.

Koma ang'onoang'ono ndi amene amaiwalika. Mmisiri wa pa Ngabu sawerenga Gazette. Iye ali ndi nambala ya foni ya bambo amene ankamuthandiza chaka chatha, ndipo apitiriza kuimba pomwepo. Tumizani uthenga wachidule m'Chichewa ku maofesi a DC ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuti aumate pabolodi, ku mawailesi a m'madera, pa tsamba lanu la Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a eni malo omwetsera mafuta ndi amisiri. Kumunsi kwa Nsanje mawu ena m'Chisena sangaononge kanthu. Uthengawo unene zinthu zinayi zokha: nkhani yamtundu wakuti ipite ku ofesi yakuti, makalata azisayinidwa ndi mpando wakuti, malayisensi amene muli nawo akugwirabe ntchito mpaka tsiku lolembedwapo, ndipo palibe ndalama ina yolipira chifukwa cha kusinthaku. Mfundo yomalizayi musaisiye. Nthawi ya chisokonezo ndi imene akathyali amayenda ndi mafayilo m'khwapa, kuuza anthu kuti ziphaso zakale zatha ntchito.

Kwa miyezi ingapo, kalata yofika ku ofesi yakale isabwezedwe kwa mwini wake. Idindidwe tsiku limene yafika, n'kuperekedwa kumene ikuyenera. Kusintha kwa mipando yanu kusachititse munthu kuphonya tsiku lomalizira.

Bwererani pakatha miyezi itatu

Odita wa mkati, wofufuza mabuku a bungwe, atenge makalata, malayisensi ndi malipiro angapo a miyezi imeneyi, mosasankha, n'kufananitsa siginecha iliyonse ndi kaundula watsopano. Adzapeza zolakwika, ndipo zambiri zidzakhala za chizolowezi chabe. Zikapezeka pitani nazo kwa loya tsiku lomwelo. Zina, monga malipiro a mkati, amene ali ndi mphamvu akhoza kuzivomereza pambuyo. Koma chigamulo cholanga munthu kapena chomulanda layisensi, chosayinidwa ndi wopanda mphamvu, njira yotetezeka ndi kuchichotsa n'kuchipanganso bwino. Kusintha deti pa pepala kuti lioneke ngati linasayinidwa kale ndi mlandu, ndipo kumasandutsa kulakwitsa kwa ofesi kukhala kwa inu mwini.

Funsaninso amene analandira mphamvu ngati malire awo akugwira ntchito. Mukaona kuti mafayilo a m'maboma akuunjikana patebulo limodzi ku likulu, ndiye kuti mphamvu ina munaikweza kwambiri. Bwererani ku bodi muitsitse. Kaundula akhale ndi mwini mmodzi, mlembi wa bodi, ndipo kope lililonse likhale ndi deti kuti lakale lisamayende limodzi ndi latsopano.

Kwa inu olandira makalata kuno kuchigwa

Bambo kapena mayi amene muli ndi malo omwetsera mafuta, shopu ya gasi kapena chiphaso choika mawaya ndi masola, mukamva kuti ku bungwe kwasintha musathamangire kukwera basi. Layisensi yanu inaperekedwa ndi bungwe, ndipo kusamuka kwa amene anasayina sikuifafaniza. Kalata yachilendo ikabwera, onani deti, nambala ya fayilo, dzina ndi udindo wa wosayina, ndi ndime ya lamulo imene akuitchula. Imbani pa nambala ya ofesi imene ili pa layisensi yanu kapena pa tsamba la bungwelo, osati imene wabwera nayo mlendoyo. Woyendera akafika, kupempha kuona chiphaso chake si mwano.

Ngati kalatayo ikukulamulani kuimitsa malonda chifukwa cha chitetezo, imitsani kaye, mafunso abwere pambuyo. Petulo sadikira kuti maloya agwirizane. Kenako lembani kalata yaulemu yopempha zifukwa molemba ndi kufunsa kuti wosayinayo akugwiritsa ntchito mphamvu zochokera pati. Mukapanda kukhutira, njira zilipo: kudandaula ku bungwe lomwelo, ku ofesi ya Ombudsman, kapena ku High Court kudzera mwa loya, ndipo kukhotiko nthawi yokasuma ndi yochepa, choncho musagone nayo nkhani. Ndalama iliyonse lipirani ku akaunti ya bungwe ndipo mutenge lisiti. Makalata onse ajambuleni pafoni n'kudzitumizira pa imelo kapena kwa m'bale amene ali kumtunda, ndipo enieniwo muwaike m'pulasitiki, pamwamba pa kabati, madzi a Januwale asanafike.